Mawu osowa a Chingerezi muwagwire ku muzu

Mchemwali wina wa ku Mchinji, amene akukonzekera kubwereza mayeso a MSCE, wandilembera imelo. Akuti: "Tsiku lililonse ndimakopera mawu ovuta khumi mu dikishonale, kuyambira pa A. Pano ndafika pa C, koma a pa A aja onse anathawa. Kodi mutu wanga ndi wouma?"

Achemwali, mutu wanu uli bwinobwino. Yalakwika ndi njira. Dikishonale inasanja mawu potsata zilembo kuti tisamavutike powafufuza basi. Mawu ogundizana pa tsamba limodzi nthawi zambiri sadziwana n'komwe, ndiye mutu ungawasunge bwanji pamodzi?

Taganizani za Chichewa chathuchi. Mwana akadziwa kulima, palibe amamuphunzitsa padera mlimi, ulimi, kulimitsa kapena kulimirana. Wagwira muzu, nthambi zimabwera zokha. Chingerezi nachonso chili ndi mizu, ndipo mawu ake ambiri oopsa aja anabwerekedwa ku Chilatini ndi Chigiriki.

Tiyambe ndi liwu lomwe mumalimva ku chipatala, malaria. Linachokera ku Chitaliyana, mala aria, kutanthauza mpweya woipa, poti akale ankayesa kuti malungo amabwera ndi mpweya wa m'madambo. Zoti ndi udzudzu zinatsimikizika pomwe Ronald Ross anapeza tizilomboto m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Kachidutswa ka mal kameneka ndi "kuipa". Mukakagwira, malnutrition, malice, malign ndi malevolent sakhalanso alendo. Mnzake wotsutsana naye ndi bene, "ubwino": benefit, benefactor, benevolent. Mwaona? Mawu asanu ndi atatu pa nkhani imodzi ya udzudzu, ndipo sadzakuthawani msanga chifukwa ali ndi pogwirira.

Liwu lomwe ine ndimalikonda kwambiri ndi ephemeral. Ku Chigiriki komwe linachokera limanena chinthu chokhala tsiku limodzi. Nditakumana nalo koyamba, ndinakumbuka inswa. Mvula ikagwa masana, madzulo zadzaza pa nyali, ana tikuthamanga ndi mabeseni a madzi. Kukacha, pakhonde pangotsala mapiko okhaokha. M'kope langa ndinajambula kaphiko ka inswa pambali pa liwulo, ndipo mpaka lero ndikaliona m'buku ndimamva fungo la dothi lonyowa. Chitani chimodzimodzi: liwu lililonse latsopano mulimangirire ku chinthu cha kwanu, kenako mulembe chiganizo chanuchanu chonena za amayi anu, za msika, za njinga ya kabaza. Chiganizo chokopera sichikhalitsa m'mutu.

Mawuwo muziwatola m'zomwe mukuwerenga: ndemanga za akonzi mu The Nation kapena The Daily Times, mabuku anu a literature, nkhani za pa BBC. Ine liwu ndimalilemba ndikakumana nalo kachiwiri, chifukwa pamenepo ndadziwa kuti anthu amaligwiritsadi ntchito. Atatu pa tsiku akwana. Ngati mungaipeze, Oxford Advanced Learner's Dictionary ndi yabwino poti A. S. Hornby, yemwe anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, anaikonzera ife omwe Chingerezi sitinayamwire, ndipo imaonetsa liwu lili m'chiganizo.

Zitsanzozo muziziwerenga ndithu, chonde, chifukwa tanthauzo lokha limapusitsa. Famous ndi notorious onse amanena munthu wotchuka, koma notorious ndi wotchuka ndi zoipa, ngati mbava yomwe mudzi wonse umaidziwa. Ndinamvapo wophunzira akuyamikira mlendo wolemekezeka pa mwambo wa sukulu ndi liwu limenelo. Anali ndi mtima wabwino, koma anthu anazizidwa, ndipo ine ndinamumvera chisoni.

Musaiwalenso kuti chimangirizo chabwino chimaima pa mawu wamba. Mu 1953 Michael West anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 omwe amapezeka kawirikawiri m'Chingerezi, ndipo amenewo ndiwo nsima yake. Mawu osowawa ali ngati mchere wa m'ndiwo: ochonga mayeso akauona wochuluka, komanso wothiridwa posayenera, amadula malikisi.

Ndiye kope lanu la A mpaka C lija musalitaye. Usiku uno litsegulenso, mufufuze mawu onse oyamba ndi bene, anti ("kutsutsa"), bi ("ziwiri") kapena circum ("kuzungulira"), muwaike m'mabanja awo. Pakatha milungu iwiri mundilembere, mundiuze kuti atsala m'mutu ndi angati.