Kuyeza Ntchito ndi Wotchi: Zinayamba Bwanji, Nanga Zimalakwika Pati?

Kapitawo wina wa pa fakitale yosoka mayunifolomu watilembera imelo kuti: "Abwana akufuna tiziyeza ndi wotchi nthawi imene telala aliyense amatenga posoka. Nzeru imeneyi inachokera kuti, ndipo imathandizadi?"

Akapitawo, imathandiza ndithu mukamayeza ntchitoyo, osati kusaka munthu woti mumuchotse.

Anaiyambitsa ndi Frederick Winslow Taylor wa ku Philadelphia, m'dziko la America, amene analowa ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Midvale mu 1878. Kumeneko anaona anthu akugwira ntchito mozengereza dala. Sunali ulesi ayi. Ankalipidwa monga mwa ganyu, ndiye akafulumira, mabwana ankatsitsa mtengo wa chinthu chilichonse chimene apanga. Taylor anayamba kuduladula ntchito m'tizigawo, kuyeza kagawo kalikonse, n'kukhazikitsa njira imodzi yoti onse azitsatira.

Ku fakitale ina ya zitsulo ya Bethlehem Steel, pakati pa 1898 ndi 1901, anapeza munthu aliyense ali ndi fosholo yakeyake, imodzimodziyo yotapira malasha opepuka ndi miyala yolemera ya chitsulo. Atayesa, anaona kuti munthu amasuntha katundu wambiri patsiku ngati fosholo ikutapa makilogalamu pafupifupi 9.5, choncho panabwera mafosholo aakulu a zopepuka ndi aang'ono a zolemera. M'buku lake la 1911, The Principles of Scientific Management, analemba kuti ntchito ya anthu 400 mpaka 600 inatsala m'manja mwa anthu 140. Analembanso kuti onyamula zitsulo za makilogalamu 42 anachoka pa matani 12.5 kufika pa 47 patsiku, koma malipiro anangochoka pa $1.15 kufika pa $1.85. Thukuta linachuluka pafupifupi kanayi, ndalama osafika n'kawiri komwe, ndipo chidani chinabadwira pomwepo. Mu 1911 anthu ananyanyala ntchito pa fakitale ya boma yopanga zida zankhondo ya Watertown chifukwa cha wotchiyo, mpaka nkhani inakafika ku Nyumba ya Malamulo ya ku America.

Ife tingati muyambire kwa Frank Gilbreth, mmisiri womanga wa ku America amene ankafufuza njira zochepetsera mayendedwe osafunika pa ntchito. Iye ankayang'anitsitsa manja a amisiri omanga, n'kukweza njerwa ndi matope kuti munthu asamawerame. Mayendedwe oikira njerwa imodzi anatsika kuchoka pa 18 kufika pa 5. Kwanuko, onani kaye kangati telala amadzuka kukatenga nsalu, ulusi kapena sizasi. Nthawi yambiri imatayikira pamenepo, osati pa singano.

Mukafika pa wotchi, auzeni anthu poyera zimene mukuchita. Gawani shati m'magawo: kolala, manja, thumba, mabatani, mpendero. Yezani gawo lililonse maulendo 15 kapena 20, m'mawa ndi masana, pa telala wa liwiro lapakatikati, chifukwa mukayezera katswiri ena onse adzaoneka aulesi. Pa nthawi imene mwapezayo wonjezerani mphindi 10 mpaka 15 pa 100 zilizonse, za kupuma, kupita kuseri ndi ulusi ukaduka. Taylor yemweyo ankawakakamiza onyamula zitsulo aja kukhala pansi kawirikawiri.

Musanayambe, abwana alonjeze m'kalata kuti mtengo wa chovala chilichonse sudzatsika anthu akafulumira. Powerengera za tsiku, muziwerenga zovala zokhazo zimene zasokedwa bwino, apo ayi mudzadzaza tebulo ndi mashati a makolala opotoka ofunika kuphwasula.