Funsani Makaniko: Kanjinga ka bambo kakwana bwanji mu Vitz?

A Makaniko,

Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha. Anachira ndipo amalankhula bwinobwino, koma mwendo wakumanzere amachita kuukoka, moti akayenda kuchokera pakhonde kufika pageti amakhala atatopa. Achimwene anga amene amakhala ku Manchester anawatumizira kanjinga ka batire ka matayala anayi, kaja amakwera anthu okalamba ku Mangalande. Kakuwathandiza zedi, ayambiranso kupita okha kutchalitchi. Tsopano mu Okutobala muno tili ndi chinkhoswe cha mdzukulu wawo kumudzi ku Salima, ndipo akuti sapita popanda kanjinga kawo chifukwa safuna kunyamulidwa pamaso pa akuchimuna. Galimoto yanga ndi Vitz, ndipo tikwera anayi: ine, bambo, mayi ndi mwana wanga wa zaka 9. Amuna anga akuti tingoitana anyamata akakweze pamwamba pa galimoto n'kumanga ndi malegeni. Kodi n'zotheka? Nanga poti kumudziko kulibe magetsi a ESCOM, titchaja bwanji?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi,

Bambo akunyumba andikhululukire, koma ganizo la pamwamba pa galimotolo lisiyeni. Kanjinga ka mtundu umenewu kamalemera makilogalamu 40 mpaka 55, pafupifupi thumba la chimanga, koma kusiyana kwake n'kwakuti thumba mutha kuligwira paliponse. Anyamata akamakweza chinthu cholemera kupyola pamutu amagwira pamene dzanja lafika msanga, ndipo pa kanjingaka dzanja limafikira pa pulasitiki wokutira thupi lake, pa chiwongolero ndi pa zotsamira mikono. Zitatu zonsezi sizinapangidwe kuti zinyamule kulemera kwake. Tinjinga tochepa timene tafikapo pagalaja panga sitinafe ndi msewu ayi, tinathyoka pokweza ndi potsitsa. Ndipo pulasitiki ameneyo akang'ambika, kapena waya wa m'chiwongolero akaduka, musayembekezere kuti mukapeza sipeya ku Malangalanga. Mudzadikira achimwene anu atumizenso. Onjezanipo kuti malegeni amatamuka galimoto ikagunda dzenje, fumbi limalowa m'zamagetsi, ndiponso Okutobala ndi mwezi wa chizimalupsa, mvula yosachenjeza.

Amene anapanga kanjingaka anadziwa kuti kadzayenda kubuti ya galimoto yaing'ono. Ambiri mwa tinjinga totere, monga Pride Go-Go kamene kali kofala ku Britain, timaphwasuka zidutswa zisanu popanda sipanala iliyonse: basiketi, mpando, bokosi la mabatire, mbali yakutsogolo yokhala ndi chiwongolero, ndi mbali yakumbuyo yokhala ndi mota. Ndiye funso lenileni si lakuti kanjinga konse kakulemera bwanji, koma lakuti chidutswa cholemera kwambiri chikulemera bwanji. Nthawi zambiri chimakhala pakati pa makilogalamu 13 ndi 18. Chimenecho mutha kuchinyamula nokha, mawondo atapindika, msana uli chilili, katundu ali pafupi ndi mimba. Musapotokole chiuno mutanyamula, tembenukani ndi mapazi. Ndikunena izi chifukwa woyendetsa galimoto ndinu, ndipo msana ukakugwirani pa Area 25 chinkhoswe chathera pomwepo.

Yambani ndi bambo, osati kanjinga. Afike nako okha pachitseko chakutsogolo, pamalo osatsetsereka, azimitse n'kuchotsa kiyi. Mpando wa kanjingaka umazungulira mukakoka kachitsulo kali pansi pake, ndipo zotsamira mikono zimatukuka, choncho atha kutembenukira kugalimoto asanaimirire. Mpando wa galimoto muubwezeretu kumbuyo kuti mwendo wovutawo upeze malo. Akhale kaye pansi, miyendo ilowe pambuyo pake, inu mukuthandiza wakumanzerewo. Ngati amapitabe kwa a fiziyo, apempheni akusonyezeni kagwiridwe koyenera, chifukwa phewa la mbali imene inagwidwa ndi sitiroko silifuna kukokedwa. Akamanga lamba, m'pamene muyambe kuphwasula.

Basiketi imangosololedwa. Mpando muupinde n'kuukoka chokweza, umazuka pa chitsulo chimene wakhalapo. Bokosi la mabatire lili ndi chogwirira, mulitukule molunjika, ndipo musadabwe nalo, ndi laling'ono koma limafika makilogalamu 9 kapena kuposa. Kenako masulani chopotokola chili patsinde pa chiwongolero, muchigoneke pansi n'kumanganso. Tinjinga tambiri tilinso ndi kokhomera matayala akutsogolo kuti asamagwedere uku ndi uku. Chomaliza, pakati pa kanjingaka chakumbuyo kwa chitsulo cha mpando pali kachitsulo kamene mukakakoka mbali ziwirizi zimalekana. Musanayambe, jambulani pafoni sitepe iliyonse. Kumudzi mudzakhala mukulumikiza anthu atakuzungulirani, aliyense akupereka nzeru zake, ndipo zithunzizo ndi zimene zidzakupulumutseni.

Tsopano nali dzenje limene ambiri amagweramo. Pafupi ndi tayala lakumbuyo pali kachitsulo kena, kawirikawiri ka mutu wachikasu kapena wofiira. Kameneka kamamasula mabuleki kuti kanjinga kathe kukankhidwa ndi manja. Mabuleki a tinjinga totere si a phazi kapena a dzanja, ndi a maginito, ali pa mota, ndipo amagwira okha kanjinga kakangoima. Mukakasiya kachitsuloko pomasula, mbali yakumbuyo izingogubuduka m'buti ulendo wonse. Kabwezereni pokhoma musanatseke buti. Kachitsulo komweko ndi kamene kamapusitsa anthu pofika: mulumikiza zonse bwinobwino, mutembenuza kiyi, kanjinga kangolira piii piii osasuntha, inu n'kumati kafa m'njira. Sikanafe. Zimitsani kiyi, khomani kachitsuloko, yatsaninso. Ndipo bambo asakhalepo kachitsuloko kali pomasula, makamaka potsetsereka, chifukwa pamenepo kulibe chokaimitsa.

Za kukwana mu Vitz sindikunamizani, zikhala zothinana. Kanjinga kotere kamatalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, m'lifupi masentimita 50 mpaka 55. Kakaphwasulidwa, mbali yakutsogolo ndiyo imatalika, koma chimene chimadya malo modabwitsa ndi mpando. Ma Vitz ena mpando wakumbuyo umapindika mbali ziwiri, ina yaikulu ina yaing'ono. Ngati yanu ili choncho, pindani yaing'onoyo kuti mbali yakutsogolo ya kanjinga igone chamtali, mayi ndi mwana akhale mbali yaikuluyo. Mbali ya mota ikhale pansi penipeni, itatsamira kumsana kwa mpando, osati kufupi ndi chitseko cha buti. Yalani bulangete lakale pansi, ndipo pakati pa zidutswa muikepo makatoni kapena zitenje kuti zisakhulane. Mpando wa kanjinga ulowe komaliza, chozondoka. Zimenezi musaziyesere m'mawa wa ulendo. Yesani Loweruka lapitalo, ndi zikwama zomwe, ndi nkhuku yomwe ngati ilipo. Mukaona kuti buti likutsekeka mochita kukankha ndi bondo, musakakamize. Katundu wa chinkhoswe apite ndi abale ena, kapena mubwereke Sienta, imene pansi pake ndi potsika ndipo mipando yakumbuyo kwenikweni imapindika n'kusiya malo okwanira. Ine ndikanasankha Sienta, ndalama ikalola, chifukwa cha mayi anu amene akhale makilomita pafupifupi 100 chitsulo chili m'nthiti.

Kumanga n'kofunika ngakhale katundu ali m'kati. Galimoto ikagunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, chilichonse chosamangidwa chimapitiriza ulendo ndi mphamvu yofanana ndi ya chinthu chogwa kuchokera mamita 10 m'mwamba. Tangoganizani bokosi la mabatire likuuluka chotero kulunjika mutu wa mwana. Choncho lisakhale pamwamba pa katundu wina, lisakhale pa shelefu yakumbuyo, ndipo mwana asalifukate pamiyendo. Malo ake ndi pansi, kuseri kwa mpando wakutsogolo kapena pakona ya buti, litaima chilili ndipo litapanikizidwa. Likhale kutali ndi jeke ndi masipanala, chifukwa chitsulo chikakhudza polumikizira pake pamathetheka moto. Gulani malamba awiri omangira katundu, aja okoka ndi kachitsulo kolira kete kete, amapezeka m'mashopu a hadiweya. Lamba adutse pa chitsulo cha thupi la kanjinga, osati pa pulasitiki. Ngati m'buti mwanu mulibe timbedza tomangirira, gwiritsani ntchito lamba wa mpando umene mwaupindawo. Potsika zitunda za msewu wa ku Salima ndi pa mabampu a m'matauni a m'njira, muziyenda ngati mwanyamula wodwala, pajatu mwanyamuladi.

Werengani zimene zalembedwa pa bokosi la mabatire. Ngati palembedwa Sealed Lead Acid, AGM kapena Gel, ndi mabatire awiri a mtovu a mavoti 12 olumikizidwa kupanga 24, omatidwa moti satayikira asidi. Ngati palembedwa Li-ion, bokosilo likhala lopepuka kwambiri, koma limadana ndi kutentha. M'galimoto yotsekedwa padzuwa kutentha kumatha kupitirira madigiri 60, ndiye Salima wa mu Okutobala mukumudziwa. Kaya ndi mtundu uti, mukafika litulutseni likakhale pamthunzi.

Za kutchaja musade nazo nkhawa kwambiri. Mabatire abwino a 12Ah (nambala yosonyeza moto umene batire limasunga) amayenda makilomita 10 mpaka 15 pamsewu wosalala, ndipo pachinkhoswe bambo sayenda mtunda wotere. Ndi kuchoka pagalimoto kupita pachisakasa, pachisakasa kupita kunyumba, mwina kukazonda achemwali awo kutsidya kwa bwalo. Tchajani usiku wonse musananyamuke, ndipo poti magetsi athu ndi ozimazima, yambani masiku awiri ulendo usanafike kuti musagwidwe njakata. Mukakhalitsa kumudziko, pa tinjinga tambiri bokosi la mabatire limatchajika palokha litachotsedwa, ndiye mutha kupita nalo paboma kapena pamsika pamene pali magetsi. Mwayi wathu ndi wakuti pulagi ya ku Britain ya mano atatu ndi yomweyo timagwiritsa ntchito kuno, ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mavoti 230. Sola yokhala ndi inveta imathanso, tchajayo siidya magetsi ambiri, onani mawati olembedwa pamsana pake. Chimene musalole ndi katswiri wa pamudzi wofuna kulumikiza mawaya ku batire ya galimoto. Ya galimoto ndi ya mavoti 12, kanjinga ndi ka 24, ndipo tchaja ikhale yake yomweyo. Mukabwerako tchajani tsiku lomwelo. Mabatire a mtovu akagona masiku atatheratu moto, sabwereranso mwakale.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mchenga. Tinjingati anatipangira misewu ya oyenda pansi ya ku Ulaya ndi m'mashopu akuluakulu. Matayala ake ndi aang'ono, olimba, opanda mpweya, ndipo mimba yake imatalikira pansi zala zitatu kapena zinayi basi. Pamchenga wofewa wa kunyanja matayala amangokumba, mota imatentha, kenako kanjinga kamazima kokha. Zikatero dikirani pang'ono, kenako dinani kabatani kamene kali pa bokosi la mabatire kapena pafupi nalo. Koma bambo amene akukana kunyamulidwa pamaso pa akuchimuna sangakondwe kutitimira pakati pa bwalo ng'oma zikulira. Imbirani foni kumudziko lero, afotokoze mmene pabwalo palili, akonze kanjira kolimba kuchokera poimika galimoto kufika pamene akakhale, ndipo mpando wawo ukhale chakumapeto, osati pakati pa anthu. Ndodo yawo isatsale. Ana a pamudzi adzafuna kukwera, aliyense adzafuna. Kiyi azikhala m'thumba la bambo.

A Makaniko,

Ife tili ndi pikapu ya Hilux. Agogo amavutika kukwera kutsogolo chifukwa m'patali. Kodi sangakhale pa kanjinga kawo kumbuyo, ife titakamanga bwinobwino?

Mdzukulu, Mchinji

Mdzukulu,

Ayi, ngakhale ulendo wake utakhala wongofika pachipatala cha paboma. Mpando wa kanjinga umangokhala pa chitsulo chimodzi, ndipo umazuka ndi dzanja limodzi. Mutha kumanga kanjingako ndi malamba khumi, koma agogo ndi mpando wawo sanamangidwe, ndipo buleki imodzi yadzidzidzi iwaponya. Ngakhale magalimoto a Toyota Welcab, ma Sienta ndi ma Noah aja amabwera kuchokera ku Japan ali ndi potsetserekera kumbuyo, zomangira zake anapangira chikuku, osati kuti munthu akhale pa kanjinga kotere galimoto ikuyenda. Agogo akhale kutsogolo atamanga lamba. Za kutalikazo, apangireni kabokosi kolimba kopondapo, kapena imikani galimoto mogundiza khonde kuti sitepe ifupike.

Kanjingako kaphwasuleni monga ndafotokozera pamwambapa, ndiyo njira yosavuta. Mukafuna kukakweza kathunthu, chotsani mpando ndi mabatire kaye, ndipo musakayendetse ndi mota pa matabwa, chifukwa kumbuyo kwa Hilux n'kwakutali ndipo matabwa amatsetsereka kuposa mmene kanjinga kangathere. Bwezerani galimoto pachitunda kapena pakhonde lalitali, anthu awiri akakankhe atagwira pa chitsulo. Kakakwera, khomani mabuleki, kagundizeni kutsogolo kwa bodi, mangani ngodya zonse zinayi, fundikani lona chifukwa cha fumbi, ndipo mabatire alowe kutsogolo, pansi, osati pamiyendo pa agogo.