Waya wa sola si waya wamba: yankho kwa mayi a mafiriji ku Mangochi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mangochi amene amagulitsa chambo ndi kampango wa m'firiji. Kuthimathima kwa magetsi kwawatopetsa, ndiye akufuna kuika sola: mapanelo 8 a 550W, invata ya 5kW (chida chosandutsa magetsi a sola kukhala a m'nyumba) ndi mabatire a 48V. Amisiri awiri awapatsa mitengo, ndipo mitengoyo yasiyana kwambiri pa mawaya. Wotchipayo akuti agwiritsa ntchito waya wa m'nyumba uja paliponse. Mayiwa akufunsa kuti, kodi waya si waya basi?

Amayi, zikomo pondilembera musanapereke ndalama. Ambiri amandilembera zinthu zitapsa kale.

Pa sola yanuyo magetsi adzadutsa m'njira zitatu zosiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi waya wakewake. Mmisiri amene wakulemberani mtundu umodzi wa waya pa ntchito yonse, ine ndamukayikira kale.

Tiyambe ndi padenga. Inu mukudziwa mmene malata amatenthera ku Mangochi mu Okutobala, moti simungaikepo dzanja. Waya wa m'nyumba anakutidwa ndi PVC, anapangidwira mkati mwa khoma, ndipo malire ake ndi madigiri 70. Ukamuika padzuwa khungu lake limauma n'kuyamba kung'aluka. Ndinakwerapo padenga la sitolo ina kumene anachita zimenezi. Nditangomupinda pang'ono wayayo, khungu linathothoka m'manja mwanga ngati chikamba cha nsima, mkuwa uli poyera, utagona pamalata. Mwini sitoloyo sankadziwa chilichonse, ana ake amagona m'chipinda cha kuseri pansi pa denga lomwelo. Tsiku limenelo mtima unandiwawa kwambiri.

Waya woyenera padenga amalembedwa pakhungu lake kuti H1Z2Z2-K, kapena EN 50618, kapena IEC 62930. Ali ndi makungu awiri, sagonja ku dzuwa ndi mvula, amapirira madigiri 90 ndi mavoti 1500 a DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ochokera ku sola ndi batire), ndipo tinthambo take ta mkati ndi ta mkuwa wokutidwa ndi tini, n'chifukwa chake timaoneka toyera. Ma panelo anu 8 akalumikizidwa mondondozana adzatulutsa mavoti pafupifupi 330 ndi ma amp 13 (amp ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya). Magetsi a DC otere ndi oopsa mwa njira yawoyawo. A ESCOM aja ndi a AC, osinthasintha mbali, amatsikira pa ziro ka 100 pa sekondi iliyonse, choncho moto wothetheka pa waya woduka umazima msanga. A DC satsika, moto ukayamba umangolilima bola dzuwa lili kuwala.

Nanga kukula kwake? Zimatengera mtunda. Waya wa 4mm² amakana magetsi ndi ma ohm pafupifupi 5 pa kilomita. Ngati kuchokera padenga kufika pa invata ndi mamita 30, kupita ndi kubwera ndi 60, ndiye mudzataya mavoti 4 okha pa 330 aja. Palibe vuto. Mtunda wochokera padenga kufika pa invata ukakhala mamita 60 mudzataya mavoti 8, ndipo pamenepo ine ndimasamukira ku 6mm². Mapulagi olumikizira, otchedwa MC4, akhale a kampani imodzi mbali zonse ziwiri, ndipo afinyidwe ndi chida chake, osati pulayazi. Malo ambiri amene ndawapeza atapserera padenga ndi pamfundo pamenepa.

Tsopano pakati pa mabatire ndi invata, pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. Amaganiza kuti poti mavoti ndi 48 okha, waya wochepa akwana. N'zotembenuza zimenezo. Mavoti akachepa, ma amp amachuluka: 5000 kugawa ndi 48 ikupatsani ma amp oposa 100. Ndipo kutentha kwa waya sikukwera pang'onopang'ono, ma amp akawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi. Apa pamafunika waya wofewa wa 35mm², wonenepa ngati chala, wamfupi osapitirira mamita awiri, ndi fyuzi ya DC pafupi penipeni ndi batire. Mukagwira wayayu mafiriji onse akulira n'kumva kutentha m'dzanja, dziwani kuti wachepa kapena nati yamasuka.

Njira yachitatu, kuchokera pa invata kupita ku bokosi la mabureka, ndiye kwawo kwa waya wa m'nyumba uja. Pa mavoti 230 invata yanu idzatulutsa ma amp pafupifupi 22, ndipo 6mm² ikupatsani mtendere, makamaka poti firiji imakoka magetsi ochuluka polira koyamba. Ngati waya adutsa pansi kupita ku nyumba ina, akhale wa chitsulo kunja, amene amisiri amati SWA, chifukwa khasu, makoswe ndi chiswe sizisankha. Mafuremu a mapanelo alumikizidwe ku waya wa earth wopita ku ndodo yokhomedwa m'nthaka, ndipo paikidwe zotchinjiriza ku mphenzi. Dzinja la kunyanja mukulidziwa.

Palinso nkhani ya waya wachinyengo m'misika mwathu, wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umachitira, ndiye waya wolembedwa 4mm² amagwira ntchito ngati wa 2.5mm². Dulani kachidutswa, yang'anani pamene mwadulapo. Mkuwa weniweni ndi wofiirira mpaka pakati, ngakhale uja wokutidwa ndi tini. Mukaona poyera pakati, kapena mpukutu ukupepuka modabwitsa, usiyeni. Mukayatsira machesi tinthambo ta aluminiyamu timafota n'kupindika nthawi yomweyo.

Bwererani kwa amisiri anu awiriwo, aliyense akuonetseni chiphaso chake cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu ya magetsi. Kenako akulembereni papepala mtundu wa waya, kukula kwake ndi kutalika kwake pa njira zitatu zija, payokhapayokha. Mawayawo akafika, werengani nokha zolembedwa pakhungu lake asanakwere nawo padenga. Mapepala awiriwo mukawalandira nditumizireni pa imelo yomweyi, tidzawaonere limodzi.