Mwana wanga akuti anali munthu wina kale

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Kasungu. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka zitatu, amakonda kunena kuti "kale ndili wamkulu" anali ndi ngolo, ndipo tsiku lina ng'ombe zinadzidzimuka ngoloyo n'kugubuduzika. Agogo ake aamuna, omwe anamwalira mwanayo asanabadwe, analidi ndi ngolo. Apongozi akuti mkuluyo wabwerera pakhomo, pomwe ena kumpingo akunong'onezana kuti ndi chiwanda. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi zikutsimikiza kuti munthu amafa n'kubadwanso.

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yapamtima chonchi. Poyamba mudziwe kuti mwana wanu si woyamba. Dokotala wa matenda a maganizo Ian Stevenson, wa pa yunivesite ya Virginia ku America, anatha zaka pafupifupi 40 akuyendera ana otere asanamwalire mu 2007. Iye ndi anzake anasonkhanitsa nkhani zoposa 2,500, zambiri za ku India, Sri Lanka, Burma (lero Myanmar), Thailand, Turkey ndi Lebanon. Anawo amayamba kuyankhula zotere ali ndi zaka ziwiri kufikira zinayi, ndipo akamalowa sukulu nkhaniyo imazilala yokha. Ambiri amanena za munthu amene anafa imfa yangozi kapena yochita kuphedwa. Stevenson sanali munthu wotengeka msanga. Ankafufuza zikalata za kuchipatala, kufunsa mboni, ndipo mwiniwake ankangoti nkhanizi zikulozera ku kubadwanso, osati zatsimikiza.

Ine ndimalemekeza khama lake, koma ndikawerenga nkhani zimenezi pali chinthu chimodzi chimene chimandiimitsa. Zimene ana amakumbukira zimatsatira chikhulupiriro cha kwawo. Anthu a chipembedzo cha Druze ku Lebanon amakhulupirira kuti mwamuna amabadwanso mwamuna, mkazi amabadwanso mkazi, ndipo ana awo amakumbukira ndendende motero. Ku Burma, komwe Abuda amavomereza kuti mwamuna atha kubwerera ali mkazi, kunapezeka atsikana ambiri onena kuti anali amuna, ena mpaka kuti anali asilikali a ku Japan omwe anafera m'dzikomo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A mtundu wa Tlingit ku Alaska, omwe amatsata mbumba ya kuchikazi ngati ife Achewa, ana awo amakonda kukumbukira wachibale wa mbali ya mayi. Kukanakhala kuti kubadwanso ndi lamulo la chilengedwe longa mvula, silikanasintha pa malire a mtundu. Apa zikuoneka kuti mwana amatola nkhani m'mpweya womwe akupuma pakhomo.

Vuto lina n'lakuti ofufuza nthawi zambiri ankafika mabanja awiri, la mwanayo ndi la womwalirayo, atakumana kale, pomwe zimene mwana ananena zasakanikirana ndi zimene akulu anawonjezera. Nkhani zomwe mawu a mwana analembedwa wina asanapite kukafufuza ndi zochepa kwambiri. Enanso ankafunsidwa kudzera mwa womasulira, patapita miyezi kapena zaka.

Ndiye pali mutu wa mwana wa zaka zitatu. Katswiri wa pa yunivesite ya Cornell, Stephen Ceci, ndi anzake ankafunsa ana aang'ono mobwerezabwereza, sabata ndi sabata, ngati anakodwapo chala mumsampha wa makoswe n'kupita kuchipatala. Izi zinali zisanawachitikirepo. Pakutha kwa masabata angapo ena mwa anawo ankafotokoza nkhani yonse, amene anawaperekeza ndi bandeji yomwe anawamanga, ndipo ena ankakana ngakhale makolo atawauza kuti sizinachitike. Sankanama ayi. Mwana wa msinkhu umenewu amasunga nkhani koma amaiwala kumene anaimva.

Taganizani tsopano za pakhomo panu. Dzina la agogowo limatchulidwa kangati pa chiliza, pa mphasa madzulo, potonola chimanga? Mwanayo anali kumsana kapena akusewera pambali, inu mukuyesa sakumva. Mwinanso ndi iye amene anapatsidwa dzina lawo, moti azakhali amamuitana "bambo" momuseweretsa. Tsiku loyamba atatchula ngolo, apongozi anagwetsa misozi n'kumufungatira. Mwana aliyense amabwereza mawu amene amusonkhanitsira anthu.

Choncho yankho langa n'lakuti ayi, umboni umene ulipo sukwana kutsimikiza kuti munthu amabadwanso, ngakhale pali nkhani zingapo zimene zimavutabe kuzimasulira. Apongozi anu musawaseke. Akulira mwamuna wawo, ndipo kuona nkhope yake mwa mdzukulu ndi chinthu chimene anthu amachita kulikonse. A Yoruba ku Nigeria mpaka amatcha mwana Babatunde, kutanthauza kuti bambo abweranso.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi manong'onong'o a kumpingowo. Kuno kwathu mawu oti "mwana uyu si yekha" sachedwa kusanduka "akutamba", ndipo taona ana akumenyedwa, kusalitsidwa chakudya mokakamiza, ena kuthamangitsidwa pakhomo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu kuti ndi mfiti, ndipo mwana wa zaka zitatu sangadziteteze yekha. Musalole aliyense kumuika pakati pa bwalo kuti amutulutse mzimu.

Akayambanso nkhani ya ngolo, mumvetsereni mofatsa monga mumachitira akamakuuzani maloto. Musamufunse kuti "ng'ombe zinali zakuda eti?", ingoti "kenako chinachitika n'chiyani?" Gulani kope, lembani mawu ake enieni ndi tsiku, musanafunse munthu wamkulu aliyense ngati zinachitikadi. Ngati akudzidzimuka usiku kapena kuopa ng'ombe mpaka kulephera kusewera, pitani naye kuchipatala mukafotokoze. Pakatha chaka mudzandilemberenso, ndikufunitsitsa kudziwa zimene zidzakhale m'kopemo.