Kodi luso lokamba nthano lingaphunziridwe pa msonkhano?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 4 pa sukulu ina ya m'tauni. Iwo akuti ana a m'kalasi mwawo amadziwa makatuni a pa TV koma nthano sadziwa ngakhale imodzi, ndipo iwo eni akayesa kukamba nthano zitatu zimene akuzikumbukira, anawo amayamba kuyasamula nkhani isanafike pakati. Akufuna kuyambitsa kagulu koti aphunzitsi, makolo ndi achinyamata a m'dera lawo aziphunzitsana luso limeneli, ndipo akufunsa ngati n'kofunika kuitana katswiri komanso kuti msonkhano wotere uziyenda bwanji.

Aphunzitsi, katswiri amene mukumufunayo mwina amakhala nyumba yachitatu kuchokera panu, ndipo ndi gogo amene palibe anamupemphapo nthano kuyambira pamene anabwera m'tauni kudzalera zidzukulu. Yambani mwafufuza anthu otere kutchalitchi, kumzikiti ndi kumsika, muwafikire mwaulemu pakhomo pawo, ndipo ngati mkumanowo udzachitikira m'mudzi, a mfumu adziwe nkhaniyo anthu asanaitanidwe.

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri ndi kusandutsa mkumanowu kalasi. Tinazolowera maphunziro a mu holo, kumene wophunzitsa amaima kutsogolo ndi cholembera, ophunzira n'kumakopera m'makope uku akudikira Fanta ndi alawansi. Nthano siilowa m'mutu mwa njira imeneyo, chifukwa ndi ntchito ya mbali ziwiri. Wokamba akati "Padangokhala," omvera amayankha kuti "Tilitonse," ndipo yankho limeneli limabwerabe pa chiganizo chilichonse mpaka nthano itatha. Ndi yankho lomweli limene limaphunzitsa wokamba kudula mawu ake m'zidutswa zazifupi, kudziwa popumira, ndi kuzindikira kuti anthu ayamba kutopa. Ndikukayikira kuti vuto la m'kalasi mwanu lagona pomwepa: mumakamba nthano ngati mukuwerenga buku, ana ali chete monga mwa lamulo la sukulu, ndipo mwana amene alibe choyankha amasinza.

Ndinaona zimenezi kwa agogo anga aakazi pamene ankatikambira za Kalulu amene anakana kukumba nawo chitsime nthawi ya chilala. "Tilitonse" wathu akayamba kuzilala, iwo ankangosiya nthano ili pakati, n'kuyamba kusonkhezera moto ngati kuti aiwala zoti tilipo, ndipo sankapitiriza mpaka titachonderera. Pofika pamene Kalulu akunyengerera mlonda wa chitsime ndi uchi, mawu awo ankachepa n'kukhala okoma ngati uchi womwewo, ndipo akafika pa Fulu ankalankhula mochedwa, khosi atalibweza m'mapewa. Zinthu zotere munthu amazitola poonerera, kenako n'kuziyesa pamaso pa anzake.

Choncho mkumano wanu ukhale wa anthu ochepa, khumi kapena khumi ndi asanu, atakhala mozungulira pa mphasa kapena pa mabenchi, popanda tebulo la akuluakulu. Tsegulani ndi ndagi, wina akati "Ndagi" enawo aziti "Gize," kuti manyazi achoke ndipo pakamwa pamasuke. Kenako gogo akambe nthano imodzi yokha mpaka kumapeto popanda womudula. Akamaliza, phunzirani nyimbo ya m'nthanomo mpaka aliyense adziwe potsogolera ndi povomera, pakuti si pachabe kuti ambiri timati "kuyimba nthano." Nkhani ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene mayi ake ankamuchenjeza kuti athawe mvula, mukaichotsa nyimbo imatsala mafupa okhaokha. Pambuyo pake mugawane awiriawiri kapena atatuatatu, aliyense akambe nthano yomweyo m'mawu akeake, anzake akuyankha.

Podzudzulana pamafunika nzeru. Wophunzira asauzidwe kuti walakwitsa chifukwa chakuti kwawo ku Dedza amene anagwira Kalulu ndi Fulu pamene kwa mnzake anamugwira ndi chidole chopaka ulimbo, pakuti nthano imodzi imakhala ndi nthambi zambiri. Omvera angonena pamene anaseka, pamene anachita mantha ndi pamene maganizo awo anathawira kwina, ndipo wokambayo adzadziwa yekha pofunika kukonza.

Zoti nthano sizikambidwa masana mudzazimva ndithu kwa ena mwa agogowo. Akuluakulu ankaletsa zimenezi, ndipo ine ndimaona kuti cholinga chinali chakuti ana asathawe ntchito, koma musatsutsane nawo. Loweruka madzulo dzuwa litapendeka ndi nthawi imene mbali zonse zingagwirizane, anthu n'kubwerera kwawo kusanade kwambiri.

Simukuyamba chinthu chachilendo. Kuyambira mu 2012, bungwe la Malawi National Commission for UNESCO pamodzi ndi National Library Service, mothandizidwa ndi kampani ya Sony pa zipangizo, linayenda m'maboma kujambula nthano m'zinenero zosiyanasiyana za m'dziko muno, ndipo ku laibulale yaikulu ku Lilongwe kunayambika mikumano yokambira ana nthano. Ku Scotland nako kuli nyumba ya Scottish Storytelling Centre mu mzinda wa Edinburgh, kumene anthu amalipira kuti aphunzire luso limene ife tikulisiya kufa m'makhitchini mwathu. Ngati mukufuna tsiku loti gulu lanu lidzaonekere kwa anthu, 20 Malichi ndi tsiku limene okamba nthano m'mayiko ambiri amasonkhana.

Pa za ndalama, musalonjeze alawansi kwa aliyense, chifukwa tsiku limene idzasowe gulu lidzabalalika. Koma agogo amene akukuphunzitsaniwo musawabweze chimanjamanja: sonkheranani ya minibasi, paketi ya shuga kapena sopo. Mukafuna kuwajambula pa foni, pemphani kaye, ndipo muwauze ngati mukufuna kuika pa Facebook kapena WhatsApp.

Inuyo pa mkumano woyamba musakhale wapampando. Khalani pa mphasa, musankhe imodzi mwa nthano zanu zitatu zija, muikambe agogo akumvera, ndipo Lolemba mukalowa m'kalasi, musanayambe muwaphunzitse kaye ana anu kuyankha "Tilitonse" mokweza mpaka a m'kalasi yoyandikana nanu asuzumire pa windo.