Zidole za ku Germany si kaunjika

Mphwanga, wafunsa kuti geni ya zidole zakale za porcelain (dongo loyera lowotcha, longa la makapu a tiyi) za ku Germany imayenda bwanji, komanso mpamba wake ndi wotani. Za mpamba tikambe tsiku lina.

Ine ndimakagula ku Swakopmund ndi ku Windhoek, m'dziko la Namibia, komwe mabanja achijeremani adakhazikika kalekale. Agogo akatisiya, adzukulu amangofuna kabati ikhale yopanda kanthu. Ndimatenga n'kukagulitsa kwa amashopu a zinthu zakale ku Cape Town ndi ku Johannesburg.

Ukanyamula chidole usatengeke ndi nkhope, tembenuza uone kunsi. Meissen, fakitale imene idayamba mu 1710, imajambula malupanga awiri abuluu opingasana. Koma malupangawo adaberedwa ndi ambiri, ngakhale Samson wa ku Paris ankapanga zofanizira. Ine ndimadziwa ndi kulemera kwake m'manja, usandifunse kuti bwanji. Ukaona timizere tokanda todutsa pamalupanga, ndiye kuti fakitale yomweyo idapezapo chilema, tsitsa mtengo. Tiana tamasaya ofiira ta Hummel tisiye. Kampani ya Goebel idatipanga tambirimbiri kuyambira 1935, ndipo mtengo wake udagwa kale.

Chidandigwetsa ine ndi atsikana ovina amasiketi a lesi, aja amati a Dresden. Lesiyo imakhala yeniyeni: amaiviika m'dongo lamadzimadzi n'kuiwotcha, ulusi umapsa, kumatsala dongo lopyapyala ngati chikoko cha dzira. Mzimayi wina wa shopu anali atalipira kale theka ataona zithunzi, ndalama zotsalazo ndidatenga kukatapila. Ndidakulunga chilichonse ndi thonje, bokosi m'kati mwa bokosi, n'kulifukata pamiyendo ulendo wonse.

Pachipata china, bwana wa yunifolomu akuti tsegula. Ndidamupempha kuti ndimasule ndekha. Iye ayi, akuti mwabisamo chiyani m'mimbamu? Adagwira mtsikana mmodzi pasiketi penipeni, n'kumagogoda ndi cholembera kuti amve ngati muli kanthu. Ndidangomva kuti tswa! Tizidutswa tidayoyokera patebulo, iye n'kutipukuta ndi dzanja. Chidole chachiwiri adachithyola zala pochibwezera m'bokosi. Mapepala anga onse anali bwinobwino, chomwe ankafuna ndi ya fanta basi. Pomaliza akuti, "Zidole za ana zomwezi mukulilira?"

Mzimayi uja adakana katundu, adafuna ndalama zake. Wakatapila naye sadziwa za lesi. Ndidagulitsa puloti yanga ya kwathu ku Balaka, ndipo mlamu wako sadaiwalebe mpaka lero. Anzanga amene ndidayamba nawo adabwerera ku zovala ndi mafoni. Ine ndikadalipo, ndipo amashopu aja amandiimbira okha.

Chomata usachigule pamtengo wa chathunthu. Khosi ndi zala ndimo amamata kwambiri, ndipo tochi ya UV, yonga ija yoonera ndalama zachinyengo, imaonetsa guluu ndi penti yatsopano. Ugule yako, yanga sindibwereketsa. Nyumba zimene ndimagulako sindikuuzanso.