Masentimita awiri, ndi katoni imene ndinaika m'nsapato za mwana wanga

Kalata iyi yagona m'foni mwanga masiku asanu ndi anayi. Si ulesi ayi. Ndimati ndikaitsegula, n'kuiwerenga, n'kuitsekanso. Mayi wina wa ku Leicester, kuno ku Britain, akuti mwana wake wamwamuna wa zaka 8 akupita ndi asuweni ake ku paki ya zosangalatsa ya Alton Towers mwezi wamawa, ndipo mtima wake wonse uli pa Wicker Man, kasitima kokwera ndi kutsika mwaliwiro, pomwe salola mwana wosakwana mamita 1.2. Amuyeza kunyumba, wapezeka ndi masentimita 118. Azimayi anzawo a kutchalitchi awalangiza kuti amugulire nsapato zochindikala kunsi, apindiremo ndi masokosi. Funso lawo n'lakuti: ndichite?

Achemwali, mwaponda pa chilonda. Zimenezo ine ndinazichitapo.

Koma mundilole ndiyambire kutali, kwathu ku Ntcheu, chaka cha 1987. Amayi ananditenga kukandilembetsa sitandade 1. Masiku amenewo chikalata cha kubadwa kumudzi kunalibe, zaka za mwana ankazikumbukira ndi zinthu monga "anabadwa tikukumba mtedza, chaka chomwe denga la tchalitchi linasasuka". Ndiye aphunzitsi aakulu anali ndi muyeso wawo, ndipo a msinkhu wangawu mukuudziwa: dzanja lamanja lidutse pamwamba pa mutu, likagwire khutu lamanzere. Wagwira, lowa m'kalasi. Walephera, kazipita. Ine zaka 6 ndinali nditakwanitsa bwinobwino, koma zala zanga zinathera m'tsitsi, khutu lili apo likundiyang'ana. Ndinapendeketsa mutu kuti ndilikumanize, aphunzitsi anauwongola ndi rula. "Aka kakadye kaye nsima, kabwerenso chaka chamawa." Khonde lonse linafa nacho chiseko. Mnzanga yemwe tinabadwa mwezi umodzi analowa, ine ndinabwerera nditagwira chitenje cha amayi, osalira, koma kukhosi kutatsekeka. Chaka chonse chimenecho ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumakoka mkono wanga ngati ndi legeni. Ana a pamudzi anandipatsa dzina loti Mwandionerapati, kuchokera m'nkhani za agogo zija za akafula, anthu aafupi amene akakumana nawe ankafunsa kuti wawaonera pati, ndipo ukafuna mtendere umayankha kuti "kutali uko". Dzinalo linandikakamira mpaka ku sekondale. Lero ndine wa mamita 1.51, ndipo m'khitchini mwanga muli kampando kokwerapo chifukwa makabati a kuno anawapachikira anthu ena, osati ife.

Ndanena zonsezi kuti mumvetse mutu umene ndinali nawo tsiku limene wachisamba wanga, ali ndi zaka 7, anapezeka kuti akuperewera masentimita atatu. Paki yake sinditchula, siinalakwe kanthu. Matikiti tinali titagula kale pa intaneti, ndalama yoti ukaisintha m'makwacha mutu umazungulira. Mpunga ndi nkhuku zinali zitaphikidwa, zili m'makontena. Usiku umenewo, abambo ake atagona, ndinatenga katoni ya ma cornflakes ndi sizasi, n'kudula zidutswa zinayi za nsapato iliyonse, kutsatira phazi lake. M'mawa ndinamumanga tsitsi lonse pamwamba ngati kachulu, ndinalilimbitsa ndi mapini. M'galimoto ndinamunong'oneza kuti, "Ukafika pa ndodo yoyezera uwongoke ngati msilikali, ukoke mpweya, ndipo za katoni usauze munthu." Mwanayo anangogwedeza mutu. Ankayenda ngati akuponda minga.

Tinaima pa mzere mphindi zoposa 40. Pa khomo panali kamnyamata kooneka kuti kali pa holide ya sukulu, katatopa kale ndi dzuwa. Anatsitsa kathabwa ka pa ndodo, kanagunda kachulu kaja, anati pitani. Achemwali, chimwemwe chimene ndinamva pamenepo ndi chamanyazi kuchinena. Ndinamva ngati ndagwira khutu pamaso pa aphunzitsi aakulu aja.

Tinakhala pampando. Chitsulo cha pamiyendo chinatsika, changa chinandipana bwino chifukwa ntchafu ndiye Mulungu sanandimane. Cha mwana chinatsika mpaka pomalizira, koma pakati pa chitsulocho ndi miyendo yake panatsala mpata woti chibakera changa chikanadutsa. Mapazi ake anali lendelende m'mwamba, osafika pansi. Katoni yanga ija, imene ndinaidula mosamala pakati pa usiku, inali ikulendewera pamodzi ndi nsapatozo, yopanda ntchito iliyonse. Pamenepo ndiye nzeru inandibwerera, koma kasitimako kanali katayamba kale kukwera, kukungomveka kwe kwe kwe wa tcheni. Titafika pamwamba n'kugwera kunsi, ndinaona ndi maso angawa mwana akunyamuka, kuwala kukuoneka pakati pa iye ndi mpando, kenaka pa kona anaseleleka n'kulowa pang'ono kunsi kwa chitsulo. Ndinamugwira juzi kumsana ndi dzanja limodzi, linalo ndinamupanikiza pachifuwa, ndipo sindinamusiye mpaka tinaima. Zonsezo sizinakwane mphindi ziwiri. Sanagwe, sanavulale. Potuluka pali kasitolo kamene amaonetsa zithunzi zojambulidwa muli m'mwamba: anthu onse manja m'malere, pakamwa yasa, ine nkhope ya pamaliro nditakumbatira mwana. Sitinagule.

Abambo ake anamva nkhani ya katoni madzulo, mwanayo atavula nsapato m'galimoto chifukwa zala zinali zitatupa. Sanakalipe. Anayendetsa galimoto mwina makilomita khumi ali chete, kenaka anangoti, "Kodi amafuna kukwera ndi mwanayu kapena inu?" Sindinawayankhule mpaka tsiku lotsatira, chifukwa ankanena zoona.

Tsopano apa ndiuma mtima, ndipo amene mukwiye kwiyani. Azimayi a kutchalitchi aja akukulangizani zolakwika, ndipo ambiri a iwo sanakhalepo pampando umenewo. Nambala imene imalembedwa pa khomo siichokera m'mutu mwa kamnyamata kogwira ndodo. Imachokera kwa amene anapanga makinawo ndi amene amawayendera. Wicker Man, yomwe inatsegulidwa mu 2018, inamangidwa ndi kampani ya ku America ya Great Coasters International. Nemesis, sitima ina ya pa paki yomweyo, ya mu 1994, ndi ya Bolliger & Mabillard a ku Switzerland, ndipo apo amafuna mamita 1.4, chimodzimodzi pa sitima zinzake za Oblivion ndi The Smiler. Anthu amenewa amapanga mpando ndi zomangira zake poganizira thupi la kukula kwakutikwakuti: ntchafu zifike pomwe chitsulo chikapane, mapewa adzaze chomangira cha pamwamba, mutu ukhale pomwe pali chotsamira osati pakati pa zitsulo zoti zizimuwomba m'makutu pa kona iliyonse. Amayeza munthu ataimirira chifukwa ndiyo njira yachangu pa mzere wa anthu mazanamazana, koma chimene akufuna kudziwa ndi thupi la munthuyo atakhala pansi. Ndiye ndiuzeni, soli ya nsapato imawonjezera chiyani ku ntchafu? Tsitsi limadzaza bwanji lamba? Palinso china chimene sitiganizira: makinawa nthawi zina amaima ali pamwamba, ndipo anthu amatsitsidwa wapansi pa timasitepe ta m'mbali. Pamenepo pamafunika mwana woti amva malangizo n'kuyenda yekha.

Ndikudziwa zimene munene, ndinkanenanso ine: masentimita awiri okha, iwo amasiyako mpata. N'kutheka amasiyadi. Koma mpatawo inu simukuudziwa kukula kwake, ndipo mukuuyesera pa mwana wanu. Malire a kukula kwa thupi si nkhani yamasewera. Mu Marichi 2022 ku Orlando, ku Florida, mnyamata wa zaka 14 anagwa n'kumwalira pa nsanja yotsika mwaliwiro ya FreeFall, yotalika mamita oposa 130. Iye vuto silinali kufupika, anali wamkulu thupi kuposa malire amene opanga analemba, ndipo ofufuza anapeza kuti zipangizo za pampando wake zinali zitasinthidwa kuti makina azinyamuka chomangira chisanatsekeke mokwanira. Chaka chotsatira boma la Florida linakhazikitsa lamulo latsopano m'dzina lake. Sindikukuopsezani kuti masokosi opinda afanana ndi zimenezo. Ndikungoti thupi ndi mpando zikapanda kugwirizana, makina sadziwa kuti munalipira tikiti.

Komanso chodabwitsa, lamulo la m'galimoto timalimvera popanda kung'ung'udza. Kuno ku Britain mwana amakhala pa mpando wake wa m'galimoto mpaka atakwana zaka 12 kapena masentimita 135, chimene chayamba kufika. Palibe mayi amene ndinamuona akupinda masokosi kuti mwana achoke pa kampando kameneko msanga. Mwina chifukwa pamenepo pali apolisi ndi chindapusa, pomwe ku paki pali kamnyamata kotopa koti tingakapusitse.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa m'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene chinandipweteka kuposa funso lenilenilo. Mwati asuweni ake "ndi aang'ono kwa iye koma onse anadutsa kale". Ndikuwamva kale azakhali pa phwando: "Kamwana aka sikakukula bwanji, mukukadyetsa chiyani kunoko?" Ife Amalawi pakamwa pathu pa nkhani ya msinkhu palibe chitseko. Munthu amakuuza kuti ndiwe wamfupi ngati akukupatsa uthenga umene sunaumve. Ndikudziwa kumene mantha amenewo amachokera. Kwathu kufupika kwa mwana nthawi zambiri kumakhala nkhani ya njala ndi matenda: kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mu 2010 anali 47. Ndiye mayi akauzidwa kuti mwana ndi wamfupi, amamva ngati akumunena kuti sadziwa kuphika phala. Inenso ndimadzifunsa ngati mamita 1.51 angawa ndi a mtundu kapena ndi a miyezi ija ya Januwale ndi Febuluwale yomwe tinkagonera maungu. Koma mwana wanu wa ku Leicester, amene amadya katatu ndi yogati pamwamba, mwina anangotengera agogo ake basi. Ngati mtima sukukhazikika, tengani kabuku kofiira kaja ka kusikelo mupite nako kwa dokotala aone mzere wa kakulidwe kake. Amene angakuuzeni zoona ndi ameneyo, osati ndodo ya ku paki, osatinso azakhali.

Ndipo mwana amaona zonse. Wanga uja patapita miyezi anandifunsa, m'Chingelezi chake chija, ngati kukhala wamfupi ndi chinthu choti munthu azibisa. Ndinali ndikutsuka mbale, ndinangotsegula mpopi kwambiri.

Tsopano ku funso lanu

Musapinde masokosi, musagule nsapato zapadera, tsitsi musalimange m'mwamba. Koma musanataye mtima, mwamuyeza bwanji? Ngati masentimita 118 amenewo ndi a phazi lopanda nsapato, n'kutheka kuti nkhani yatha kale, chifukwa m'mapaki amayeza mwana atavala nsapato zake wamba, ndipo nsapato zamasewera za masiku onse zimawonjezera pafupifupi masentimita awiri. Muimikeni pa khoma atavala zomwe adzavale tsikulo, zidendene kukhoma, buku lolimba pamutu, mulembe ndi pensulo. Muyeze m'mawa ndi madzulo, muona kusiyana: munthu amatalikirako m'mawa ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, chifukwa timinofu ta pakati pa mafupa a msana timafinyika tsiku likamapita. Ndiye mukalowa, pitani kukayezetsa poyamba penipeni. Wina anena kuti nanga chimenecho si chinyengo? Ayi, msanawo ndi wake. Funsani ngati amapereka kachibangili kosonyeza kuti wayezedwa, koma dziwani kuti woyendetsa makina ali ndi mawu omaliza, ndipo akakana musakangane naye mwana akuona. Onaninso malire pa tsamba lawo la pa intaneti kutatsala tsiku limodzi, chifukwa amasintha.

Chachikulu, muuzeni mwanayo lero, osati pa khomo asuweni akuonerera. "Mwina udutsa, mwina ayi. Ukapanda kudutsa, ine ndi iwe tikakwera zakutizakuti, ndipo tidzabweranso." Ana a msinkhu umenewu amakula masentimita asanu kapena asanu ndi imodzi pa chaka, ndiye awiri akuperewerawo ndi nkhani ya miyezi inayi kapena isanu. Ngati akuluakulu nonse mukufuna kukwera, mapaki ambiri ali ndi dongosolo loti wina atsale ndi mwana kenaka musinthane osaimanso pa mzere. A Disney amalitcha Rider Switch, ena ali ndi maina awo, ingofunsani polowera.

Wanga uja tsopano ali ndi zaka 13. Chilimwe chathachi anakwera Nemesis katatu, ine nditakhala pa benchi ndi zikwama za anthu onse ndi kontena ya mandasi. Pa felemu ya chitseko cha kukhitchini pali mizere ya pensulo yoyambira chaka cha katoni chija, uliwonse ndi deti lake. Mwezi watha anandikakamiza kuti nane ndiime pomwepo, anandiika buku pamutu, n'kulemba "Amayi" pansi pa mzere wake wa chaka chatha. Eni nyumba akadzaiona felemu imeneyo, dipoziti yathu yapita.